Kaundula wa gulu alumikizidwe, koma asasamuke

Pa intaneti pali mawebusaiti ambirimbiri amene sanamangidwe ndi boma kapena kampani, koma ndi kagulu ka anthu okonda chinthu chimodzi. Ena amalemba mbalame zimene aona, ena amajambula miyala ya pamanda n'kukopera mayina ndi zaka, ena amatolera mbiri ya milatho, masiteshoni a sitima, makwaya kapena matimu a mpira amene anatha kalekale. Ntchitoyi amaigwira madzulo ataweruka, popanda wowalipira, ndipo zambiri zimene alemba sizipezeka kwina kulikonse. Ndiye limafika tsiku loti wina m'gulumo afunse: kodi kaundula wathuyu tim'lumikize ku Wikidata ndi nkhokwe zina zotseguka? Apo gulu limagawikana. Ena amati takhala patokha mokwanira, tiyeni tipereke zonse. Ena amati thukuta lathu lisakadyedwe ndi anthu amene sitikuwadziwa. Ine ndikuti alumikize, ndipo asazengereze. Koma kulumikiza n'kwina, kusamutsa n'kwina, ndipo mkangano wambiri umabwera chifukwa chosokoneza ziwirizi.

Wikidata inayamba mu Okutobala 2012, ndipo amene anaiyambitsa ndi bungwe la Wikimedia Deutschland ku Berlin. Maganizo ake ndi osavuta: chinthu chilichonse, kaya ndi munthu, phiri, mzinda kapena mtundu wa nyama, chimapatsidwa nambala yakeyake yoyamba ndi chilembo cha Q. Dziko lapansi ndi Q2, Berlin ndi Q64, Paris ndi Q90. Dziko la Georgia ndi Q230, pamene chigawo cha Georgia ku United States ndi Q1428, ndipo kompyuta singazisokoneze ngakhale dzina lili limodzi. Nambalayo ilibe chilankhulo. Dzina likhoza kulembedwa m'zilankhulo mazanamazana, likhoza kusinthidwa ndi boma latsopano, koma nambala imakhala yomweyo. Pansi pa nambala iliyonse pamalembedwa mfundo zifupizifupi, iliyonse ndi nambala yake yoyamba ndi P: tsiku lobadwa ndi P569, malo a chinthu pamapu ndi P625. Zinthu zolembedwa mmenemo zinapitirira 100 miliyoni mu 2022.

Kulumikiza kumene ndikunena ndi ntchito yochepa kuposa mmene anthu amaiopera. M'kaundula wa gulu, pambali pa dzina la mlatho, mumawonjezera danga limodzi n'kulembamo nambala ya Q ya mlathowo. Basi. Palibe chimene chachoka pakhomo. Mbali inayo, ku Wikidata, mumaika chizindikiro choloza kwanu, kuti wowerenga za mlathowo aone kuti zambiri zili patsamba lakutilakuti. Ngati kaundula wanu ndi wamkulu komanso wodalirika, mukhoza kupempha kuti manambala anu apatsidwe P yawoyawo. Pempholi limakambidwa poyera ndi anthu a Wikidata asanalivomereze, ndipo akhoza kulikana. Ma P oterewa alipo masauzande, oloza kumalaibulale, kumalo osungira zakale ndi kumawebusaiti a anthu wamba.

Chifukwa changa choyamba n'chakuti mawebusaiti amafa. GeoCities, imene inasunga masamba a anthu mamiliyoni, inatsekedwa ndi Yahoo mu 2009, ndipo zimene zinapulumuka zinapulumutsidwa ndi anthu odzipereka amene anathamanga kukopera. Bungwe la Pew Research Center linapeza mu 2024 kuti pa masamba 100 alionse amene analipo mu 2013, masamba 38 anali atasowa patangopita zaka 10. Webusaiti ya kagulu kakang'ono imafa mwakachetechete kuposa pamenepo. Kawirikawiri pamakhala munthu mmodzi amene amalipira seva (kompyuta imene imasunga webusaiti) ndi dzina la webusaiti, amene amasunga mawu achinsinsi, amene amadziwa mmene zonse zinamangidwira. Akadwala, akatopa kapena akamwalira, chaka chikangotha tsamba lazima. Mwina Internet Archive, bungwe losunga makope a masamba a pa intaneti, inakoperako kena, mwina wina ali ndi fayilo pakompyuta yake. Koma fayilo ya mayina okhaokha imavutitsa woipeza: John Smith ameneyu ndi uti, Springfield imeneyi ndi ya kuti? Fayilo yomweyo ikakhala ndi manambala a Q, mlendo amene sanakumanepo ndi gululo amatha kudziwa kuti mzere uliwonse ukunena za ndani. Nambala siletsa webusaiti kufa, koma imachititsa kuti zotsala zimveke.

Chachiwiri n'chakuti Wikidata ndi mphambano. Mukapeza nambala ya Q ya wolemba mabuku, pansi pake mumapeza nambala yake ku VIAF, kumene malaibulale akuluakulu a mayiko amagwirizanitsa mayina. Mukapeza ya mudzi, mumapeza ya ku GeoNames, nkhokwe ya mayina a malo. Ya woimba imakufikitsani ku MusicBrainz, nkhokwe ya nyimbo, ya mtundu wa mbalame ku GBIF ndi iNaturalist, nkhokwe za zamoyo. Nawo ojambula mapu a OpenStreetMap amaika manambala a Q pazinthu zimene ajambula. Gulu la anthu asanu silingathe kulumikiza kaundula wake kumalo onsewa limodzilimodzi. Likalumikiza ku amodzi, enawo amatseguka okha.

Chachitatu anthu sachiyembekezera, ndipo poyamba chimawawa: kulumikiza kumaulula zolakwa. Makaundula awiri akayandikizana, kompyuta imatha kuonetsa paliponse pamene asemphana. Kwanu mlatho unatsegulidwa mu 1931, kunjako akuti 1934. Mmodzi walakwa, kapena mmodzi akunena za kuyamba kumanga pamene wina akunena za kutsegulira. Kaundula wokhala yekha alibe womutsutsa, ndiye cholakwa chimatha kukhalamo zaka makumi awiri chikukoperedwa ndi aliyense wodutsa. Gulu limene limaopa kuyerekezedwa ndi ena liyenera kudzifunsa kuti likuteteza choona kapena likuteteza dzina lake.

Pakati pa nkhani yonseyi pali ntchito imodzi imene siioneka, ndipo ndiyo imene ndimaiona kuti ndi yamtengo wapatali kuposa zonse: kunena motsimikiza kuti uyu wa kwathu ndi yemweyo wa kunjako. Pali mapulogalamu othandiza. OpenRefine imalandira tebulo lanu n'kufufuza dzina lililonse ku Wikidata. Mix'n'match, imene inalembedwa ndi Magnus Manske, imaika makaundula akunja poyera kuti anthu azigwirizanitsa mzere ndi mzere. Amene anagwiritsapo ntchito OpenRefine amadziwa mmene zimaonekera. Pansi pa dzina lililonse pamatuluka mayina awiri kapena atatu a buluu, lililonse ndi nambala yosonyeza kuti likufanana bwanji ndi lanu, ndipo pambali pake pali timabokosi todina. Mizere yoyamba mumaiwerenga mofatsa, kutsegula lililonse, kuona zaka. Pofika mzere wa 400 maso akuwawa, tiyi wazizira, ndipo mukudziwa kuti pali malo amodzi odina kuti pulogalamuyo ivomereze zonse zimene zafanana kwambiri. Dzanja limayabwa.

Musadine. Pulogalamu imayerekezera zilembo, sidziwa anthu. Bambo ndi mwana wake akhoza kukhala ndi dzina limodzi, ntchito imodzi, mzinda umodzi, n'kusiyana zaka 30 zokha. Tchalitchi chikhoza kupsa n'kumangidwanso pamalo omwewo ndi dzina lomwelo. Siteshoni ya sitima ndi mudzi umene unaipatsa dzina ndi zinthu ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi Q yake. Timu ya mpira ikhoza kutha, wina n'kuyambitsa ina patapita zaka n'kutenga dzina lakale. Wodziwa kusiyanitsa zimenezi si kompyuta, komanso si mlendo wa kutali amene akukonza zinthu masauzande patsiku. Ndi munthu uja wa m'gulu amene anawerenga makalata akale, amene anaima pamalopo, amene amadziwa kuti chithunzi cha 1950 chikuonetsa nyumba yachiwiri osati yoyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kumeneko ndiko kagulu kakang'ono kali nako kumene nkhokwe yaikulu ilibe, ndipo ndiyo mphatso yeniyeni imene gulu limapereka likalumikiza.

Kulumikiza kolakwika n'koipa kuposa kusalumikiza. Danga lopanda kanthu silinamiza munthu. Koma mukapatsa mwana nambala ya bambo ake, tsiku lomwalira la mmodzi limalowa pa mnzake, wina amalikopera ku Wikipedia, nyuzipepala imalitenga kumeneko, kenako wina amabwerera ku Wikidata n'kuika nyuzipepalayo ngati umboni. Bodza lazungulira n'kudzipezera lokha mboni. Kulichotsa pamenepo kumatenga nthawi yaitali kuposa imene mukanatha poona zaka zija mofatsa. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti tebulo lililonse la ntchitoyi likhale ndi mayankho atatu, osati awiri: inde ndi yemweyo, ayi si iyeyo, ndi sitinatsimikize. Yankho lachitatulo si manyazi. Pambali pake palembedwe amene anagamula, tsiku lake, ndi chimene anaona.

Tsopano kwa aja amati tipereke zonse, titseke webusaiti yathu, tizingogwira ntchito ku Wikidata. Ndimamvetsa kutopa kwawo, chifukwa kusamala seva n'kolemetsa. Koma akulakwitsa. Nkhokwe zazikulu nazo zimafa. Freebase inayamba mu 2007 ndi cholinga chofanana ndi cha Wikidata, Google inaigula mu 2010, inalengeza mu 2014 kuti iitseka, ndipo pofika 2016 inali itatsekedwa. Zina mwa zimene zinali mmenemo zinasamutsidwira ku Wikidata, koma osati zonse. Wikidata ili pamaziko olimba kuposa pamenepo chifukwa si ya kampani yofuna phindu, komabe amene anasunga kaundula wake pakhomo n'kumangoloza ku Freebase anataya danga limodzi lokha, pamene amene anadalira kumeneko kotheratu anayambiranso.

Ngakhale Wikidata itakhala mpaka kalekale, si zonse zimene zingakwanemo. Ili ndi malamulo ake a zimene zikuyenera kulowa: chinthu chikhale ndi tsamba pa imodzi mwa ntchito za Wikimedia, monga Wikipedia, kapena chikhale chodziwika bwino chofotokozedwa m'maumboni odalirika opezeka poyera, kapena chikhale chofunika pofotokoza chinthu china. Chosakwanitsa izi chikhoza kufufutidwa. Mayina ambiri a pamiyala ya pamanda sangalowemo, ndipo sayenera kukakamizidwa kulowamo. Komanso kalembedwe kake ndi ka mfundo zifupizifupi. Imatha kusunga kuti maumboni awiri akusemphana pa chaka, ndipo imatha kusonyeza kuti chaka china n'chokanidwa. Koma singasunge ndime zitatu zofotokoza chifukwa chimene gulu limakhulupirira mboni iyi kuposa iyo, kapena mawu a nkhalamba imene inafunsidwa zaka zapitazo. Kuwonjezera apo, aliyense akhoza kusintha zolembedwa mmenemo. Zimenezi ndiye mphamvu yake, koma zikutanthauza kuti payenera kukhala malo ena kumene mawu a gulu ali mmene gululo linawasiyira, kuti wofuna kutsutsa kusintha kolakwika akhale ndi poloza. Gulu likasamuka, umboni wa zimene linaika ku Wikidata umasowa, chifukwa umboniwo unali webusaiti yomwe latsekayo. Amene amakonda mamangidwe a Wikidata akhoza kutenga pulogalamu yake, Wikibase, n'kudzimangira nkhokwe yawoyawo yokhala ndi malamulo awo.

Mbali ya aja amati thukuta lathu lisakadyedwe ili ndi dandaulo lolemera, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Zonse za mu Wikidata zili pansi pa chilolezo cha CC0: aliyense atenge, agulitse, osatchula ngakhale dzina la amene anavutika. Makampani akuluakulu a intaneti amatengadi, n'kumayankhira mafunso a anthu pamasamba awo, wofunsayo osafika n'komwe kwa mwini ntchito. Google yomweyo inali m'gulu la amene anapereka ndalama zoyambitsira Wikidata. Munthu amene wathera zaka zake akutolera mbiri ali ndi ufulu womva kuwawa akaona zimenezi.

Yankho langa n'lakuti dandaulo limeneli likutsutsa kusamutsa, silikutsutsa kulumikiza. Chimene chimapita kunja ndi nambala ndi mfundo zochepa zimene gulu lasankha: dzina, chaka, malo. Zithunzi, nkhani, mawu ojambulidwa ndi kafukufuku yense zimatsala pakhomo pansi pa chilolezo chimene gulu lafuna, kaya ndi CC BY-SA chimene chimakakamiza wotenga kutchula mwini ndi kugawanso mofananamo, kaya ndi china chokhwima kuposa apo. Ndipo tinene zoona: webusaiti imene ili poyera imakoperedwa kale ndi makina, yalumikizidwa kapena ayi. Kukana kulumikiza sikuletsa kukoperako. Kumangochotsa chikwangwani choloza kwanu pamalo amene ofufuza, olemba nkhani ndi ogwira ntchito m'malaibulale amadutsa tsiku ndi tsiku.

Pa zilolezo pali msampha wina wobwera kuchokera kunja. Kutenga za ku Wikidata n'kuika kwanu kulibe vuto. Koma OpenStreetMap ili pansi pa chilolezo china, ODbL, kuyambira 2012, ndipo chimenechi chili ndi zofuna zake, moti simungangotapa mmenemo n'kukathira m'nkhokwe ya CC0. Gulu liyeneranso kudzifunsa ngati zonse zili m'kaundula wake ndi zakedi, chifukwa makaundula ambiri otere anakula ndi zotengedwa apa ndi apo pamene panalibe wofunsa.

Pali zinthu zimene siziyenera kulumikizidwa n'komwe, ndipo apa sindilolera. Choyamba ndi anthu wamba amoyo. Mphamvu ya nambala ndi yakuti imasonkhanitsa zobalalika, ndipo mphamvu yomweyo ikalunjika pa munthu imakhala chida chomulondola. Dzina lake pamndandanda wa oimba kwaya silivulaza, tsiku lake lobadwa patsamba lina silivulaza, koma zikamangidwa pamodzi ndi kumene amagwira ntchito zasanduka fayilo ya munthu amene sanafunsidwe. Ku Ulaya lamulo loteteza zachinsinsi za anthu la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018, limaika malire pa zoterezi, koma gulu labwino silidikira lamulo. Chachiwiri ndi malo amene akadziwika amaonongeka: chisa cha mbalame yosowa, chomera chimene anthu amazula kukagulitsa, phanga la zojambula zakale lopanda mlonda. iNaturalist imabisa dala malo enieni a zamoyo zimene zili pangozi, ndipo gulu lililonse litengerepo phunziro. Chachitatu ndi chidziwitso chimene eni ake ali ndi malamulo a amene angachione. Pulogalamu ya Mukurtu inabadwa mu 2007 pa ntchito yogwirizana ndi anthu a mtundu wa Warumungu ku Australia, n'cholinga choti eni chikhalidwe azigamula okha kuti chithunzi chakuti aone ndani. Mfundo za CARE za mu 2019, zokhudza kasamalidwe ka chidziwitso cha mitundu ya eni nthaka, zinabwera kudzakumbutsa kuti kupezeka mosavuta kwa chidziwitso sikokwanira ngati eni ake alibe ulamuliro pa icho. CC0 sibwezedwa. Chimene mwapereka lero chimakoperedwa ndi anthu osawerengeka, ndipo madzi akatayika saoleka. Wokayika aimike kaye, afunse eni ake.

Gulu likavomera kulumikiza, lasenza udindo umene ambiri sauganizira: maadiresi ake asamasinthesinthe. Tim Berners-Lee, amene anayambitsa World Wide Web, analemba kale mu 1998 kuti adiresi yabwino ndi imene sisintha, ndipo mu 2006 anaika mfundo zinayi za kulumikiza deta, zimene phata lake ndi kupatsa chinthu chilichonse adiresi yoti munthu angatsegule n'kupezamo zothandiza ndi maulalo opita kwina. M'zochita, izi zikutanthauza kuti cholembedwa chilichonse m'kaundula chikhale ndi nambala yakeyake, ndipo nambalayo isaperekedwenso kwa china ngakhale choyambacho chitafufutidwa. Adiresi imangidwe pa nambala, osati pa dzina, chifukwa mayina amakonzedwa. Wikidata imathandiza pamenepa mochenjera: pa P ya kaundula wanu imasunga nambala yokha pachinthu chilichonse, ndipo kamangidwe ka adiresi kamalembedwa pamalo amodzi. Mukasamutsa webusaiti koma manambala n'kutsala omwewo, kukonza mzere umodzi kumadzutsa maulalo onse. Koma mukasintha pulogalamu ya webusaiti n'kulola kuti iwerenge zonse mwatsopano kuyambira pa 1, ntchito ya zaka yafera pomwepo, ndipo choipitsitsa n'chakuti maulalo ena azitsegukabe koma akuloza chinthu cholakwika. Aliyense wopatsidwa ntchito yokonza webusaiti auzidwe zimenezi asanakhudze kanthu.

Kunjako nako zinthu zimayenda. Zinthu ziwiri za ku Wikidata zikapezeka kuti n'chimodzi zimaphatikizidwa, nambala yakale n'kumaloza ku yatsopano. Nthawi zina chimodzi chimagawidwa pawiri, nthawi zina chimafufutidwa. Choncho danga lija la Q limafuna kuyenderedwa, ngakhale kamodzi pachaka, ndipo payenera kukhala anthu osachepera awiri odziwa kuchita zimenezi. Ntchitoyi isaunjikidwenso pa munthu yemwe uja wolipira seva.

Poyambira pabwino ndi pa zinthu zosakanganitsa: malo, nyumba, mitundu ya zamoyo, anthu odziwika amene anamwalira kalekale. Gulu litenge chigawo chimodzi chaching'ono, lichimalize ndi manja, lilembe malamulo amene latulukira panjira, kenako lipite pa china. Likamaliza lidzatsala ndi mulu wa mizere imene sinapeze mnzake kunjako, ndipo mulu umenewu usaonedwe ngati ntchito yolephereka. Ndiwo mndandanda wa zimene gululo likudziwa koma nkhokwe zazikulu sizikudziwa. Zina mwa izo zili ndi umboni wokwanira, ndipo gulu lizitsegulire Q yatsopano, mfundo iliyonse ili ndi gwero lake. Zina umboni wake ukadali wofooka, ndiye zidikire kafukufuku. Zina ndi za anthu ndi malo aja oyenera kutetezedwa, ndipo pambali pake palembedwe momveka kuti zinasiyidwa dala, kuti wodzalowa m'gulu zaka zikubwerazi asadzaziyese zoiwalika n'kuzitumiza kunja.